Ndani Adakupatsani Makiyi a Gehena?

Akonzi a tsamba lino amadikira ndakatulo kuchokera kwa ine sabata ino. Andikhululukire, ndakatulo yakana. Pakhosi panga padaima fupa miyezi ingapo yapitayo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kulilavula pano lindipha ndili chiimire. Nkhani yake ndi ya moto. Sindikunena moto wa pamafuwa, kapena wa lupsa umene anyamata amayatsa posaka mbewa ayi. Ndikunena moto uja amatiopseza nawo m'minibasi, pamsika, pawailesi usiku, makamakanso pamanda: moto wa Gehena.

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, adatisiya m'mwezi wa Febuluwale mvula ili pakati. Adali mmisiri wa matabwa ku Ndirande. Sindibisa, adali munthu wa botolo. Loweruka likafika sowo ndi hamala zinkagona msanga, eni ake ali ku kachasu, ndipo pobwerera ankaimba msewu wonse mpaka agalu adachita kuwazolowera. Mpingo wawo udawadula kalekale, poyamba chifukwa cha mowawo, kenaka chifukwa adasiyana ndi mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi n'kutenga wina. Zonsezi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti m'shedi yawo ya malata adzimbiri mudatuluka mabokosi a maliro ambirimbiri pa ngongole imene mpaka lero palibe adabweza, ndipo iwo sadapitepo pakhomo pa wamasiye kukalonjerera ndalama. N'zoonanso kuti ine amene ndikulemba pano, bambo anga atamwalira, fizi yanga ya folomu 3 ndi folomu 4 idachokera m'zitseko ndi m'mipando ya amalume omwewo. Mwina miyezi imeneyo botolo linkachepa, kaya. Sadandiuzepo.

Tidanyamula thupi kupita nalo kumudzi. Akuluakulu a mpingo adati munthu wodulidwa sangamuimbire. Lamulo ndi lawo, ndipo ngakhale ndili nalo mawu, lero ndilisiya. Pofuna kuti munthu asaikidwe ngati nkhuku ya chitopa, msuweni wathu wina adabwera ndi mlaliki wa m'tauni, mnyamata wa suti yonyezimira, nsapato zosongoka, chimkuzamawu m'manja. Tonse mitima idakhala pansi, tidati Mulungu watikumbukira.

Ataima kumutu kwa dzenje, bokosi lili pamitengo, mnyamata uja adayamba: "Mukulira chiyani? Pukutani misozi! Munthu uyu, pano ndikulankhula pano, ali m'moto. Akukuwa, akupempha madzi, koma kumeneko kulibe shabini!" Ena kumbuyo adaseka. Adzukulu adatsamira makasu awo, maso pansi. Iye adapitiriza kwa mphindi pafupifupi 40, kufotokoza mmene khungu limasupukira n'kumeranso kuti lipsenso, mmene ziwanda zimatembenuzira munthu ndi mafoloko ngati kanyenya, kulongosola zonse ngati woti adapitako sabata yatha n'kubwerako ndi zithunzi. Pomaliza adati amene sakufuna kutsatira chidakwachi akweze dzanja. Manja adakwera manda onse. Langa silidakwere. Musati ndi kulimba mtima ayi, manja onse awiri ndidali nditagwirira agogo, mayi wawo wa malemuwo, amene miyendo idali itawathera.

Usiku umenewo, okhuza atayamba kuodzera, agogo adandiitana pamoto panja pa siwa. Ndi munthu wa zaka zoposa 80, kuwerenga sadziwa, koma kutchalitchi sadajombeko chibatizidwire. Adati: "Iwe, poti udapita kusukulu, tandiuza zoona. Mwana wanga uja akupsadi?" Ndidangoti kakasi. Iwo adapitiriza, maso ali pa chikuni: "Akukwawa adagwerapo pamoto ngati uwu. Chipsera chija unkachiona pamwendo pake. Adalira usiku wonse ali kumsana kwanga, ine kuzungulira naye nyumba mpaka tambala woyamba. Ndiye akuti alira choncho mpaka kalekale, ine osamubereka?"

Funso limeneli ndi limene landilembetsa. Kusukulu ya ubusa ine sindidapiteko, koma kuwerenga ndimatha, ndipo Buku Lopatulika limene mlaliki uja ankaligwedeza m'mwamba osalitsegula nanenso ndili nalo langa. Ndakhala nalo pansi miyezi yonseyi, pamodzi ndi mabuku ena obwereka. Abusa amene aone kuti ndanama, tsamba lino n'lotsegula, ayankhe sabata yamawa.

Tiyambe ndi mawu enieniwo. Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, limene alaliki athu a m'tauni amakonda kulitchula kuti amveke ophunzira, lidatenga mawu anayi osiyana n'kumawaponya kawirikawiri m'thumba limodzi lolembedwa kuti "hell". Lina ndi Sheol, liwu la Chihebri lopezeka koposa ka 60 m'Chipangano Chakale. Kumeneko ndi kumalo kwa akufa basi, kwa mdima, kwa zii, kopita wabwino ndi woipa yemwe. Yakobo atauzidwa kuti mwana wake Yosefe wajiwa ndi chilombo adati adzamutsatira komweko akulira. Yobu zitamuthina adapempha Mulungu kuti akamubise komweko. Nanga munthu angapemphe kukabisala m'ng'anjo? Lina ndi Hade, liwu la Chigiriki limene lidalowa m'malo mwa Sheol. Lina ndi Tartarus, lopezeka kamodzi kokha m'kalata yachiwiri ya Petro, ndipo likunena za angelo ochimwa, osati akalipentala a ku Ndirande. Lotsiriza ndiye Gehena. Apa ndiwavulire chipewa amene adatimasulira Buku Lopatulika la mu 1922, William Murray ndi anzake, akuda ndi oyera omwe: Hade adamusiya Hade, Gehena adamusiya Gehena. Gogo wakumudzi womvera Baibulo la Chichewa ali pafupi ndi choonadi kuposa womvera mlaliki wa Chingerezi chokhotakhota, chomasuliridwa mothamanga ndi mnzake wa maikolofoni yachiwiri.

Gehenayo ndi malo enieni, ali pamapu. Ndi Chigwa cha Hinomu, kunja kwa linga la mzinda wakale wa Yerusalemu, ndipo lero alendo amayendamo pa udzu wobiriwira atakoleka makamera m'khosi. Mbiri yake ndiyo yonyansa. M'chigwa chimenechi anthu ankawotcha ana awo popereka nsembe kwa Moleki, mpaka mfumu Yosiya idadetsa malowo kuti mchitidwewo uthe. Werengani 2 Mafumu 23, muwerengenso Yeremiya 7. Kumeneko Mulungu akudandaula kuti zowotcha ana iye sadazilamule, ngakhale kuziganizira kumene sadaziganizirepo. Taimani pamenepo pang'ono, abale. Dzina limene tikuopsezana naloli lidachokera pamalo pamene Mulungu adanyansidwa ndi makolo owotcha ana awo. (Pali nkhani ina yotchuka yoti chigwachi chidali dzala la mzinda loyaka usana ndi usiku. Ikadandithandiza pamkangano uno, koma ndaisiya dala. Nkhaniyi imayambira kwa Rabbi David Kimhi cha m'ma 1200, patapita zaka zoposa 1,000 chichokereni Yesu, ndipo ofukula zakale sadaupeze umboni wake. Bodza ndi bodza ngakhale litakhala kumbali yanga.)

M'Chipangano Chatsopano chonse liwu loti Gehena lilimo ka 12. Ka 11 likuchokera m'kamwa mwa Yesu. Kamodzi kotsalako kali m'kalata ya Yakobo, ndipo kumeneko akunena za lilime. Lilime, a mlaliki, lilime! Paulo, amene adalemba makalata onse aja n'kuyenda maiko akulalikira kwa anthu osadziwa Mulungu, sadalitchule ndi kamodzi komwe. Musandimve molakwa. Sindikuti Yesu sadachenjeze za chiweruzo. Adachenjeza, mwaukali ndithu, ndipo wonena kuti sadatero sadawerenge. Koma tiyeni tione amene ankawaloza chala.

Pa Mateyu 23 akuwafunsa alembi ndi Afarisi mmene adzathawire Gehena. Amenewa sadali zidakwa za pamsika. Adali atsogoleri a chipembedzo, ovala bwino, okonda mipando yakutsogolo pamaphwando, osenzetsa anthu mitolo imene iwo sangaikhudze. Pa Mateyu 25, pamene anthu akugawidwa ngati nkhosa ndi mbuzi, opita kumoto sakufunsidwa za mowa, za fodya, za ukwati kapena za khadi la mpingo. Mlandu wawo ndi woti adaona wanjala osamugawira, wausiwa osamuveka, wodwala ndi wam'ndende osakamuzonda. Ndipo nkhani ija mudaibera ya kupempha madzi ili pa Luka 16. Wopempha madziyo ndani? Ndi mwini chuma, wodya zonona tsiku ndi tsiku pamene wosauka wa zilonda ali gone pachipata chake. Inu mudatenga ludzu la munthu wolemera n'kukaliika pakhosi pa mmisiri wa matabwa amene adafa ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Kumeneko sikulalikira, n'kusinthanitsa mitembo.

Ndikudziwa mundiponyera 1 Akorinto 6, pamene oledzera atchulidwa pakati pa osalowa mu ufumu. Ndawerenga, alipodi, ndipo sindikuti mowa ndi wabwino. Ndi umene udadya chiwindi cha amalume. Koma mumndandanda womwewo muli akuba, aumbombo, olanda za eni ndi olalatira anzawo. Bwanji chala chanu chimatopera pa liwu limodzi? Mundiponyeranso nyanja ya moto ya pa Chivumbulutso 20. Imeneyo imabwera chiweruzo chachikulu chitachitika, akufa ataimirira, mabuku atatsegulidwa. Bwalo silidakhale, woweruza sadalowe, inu mwalengeza kale chigamulo pamanda a kwathu! Ngakhale kwa a nyakwawa sagamula mlandu mwini wake asadayankhepo. Ndiye pali wachifwamba uja wa pa Luka 23, amene adakhululukidwa ali lende pamtanda, wopanda ubatizo, wopanda kalasi, wopanda chakhumi. Amalume adagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Usiku wina ndidawapeza maso ali otseka, milomo ikugwedera. Kaya ankapemphera, kaya ankawerengera matabwa, zimenezo zili pakati pa iwo ndi Mlengi wawo. Mlaliki uja kuchipatalako sadapondeko. Dzina la malemu adachita kufunsa pagalimoto tikupita kumanda.

Nanga zithunzi zija amazifotokoza mokoma chonchi zidachokera kuti? Moto wosazima ndi mphutsi zilimo pa Marko 9, zobwerekedwa kumapeto kwa buku la Yesaya, kumene mneneri akunena za mitembo ya opanduka. Zotsalazo, mafoloko, zipinda, khungu lomeranso, adakometsera ndi anthu. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno, amene adamwalira mu 430, adatha gawo lathunthu la buku lake la Mzinda wa Mulungu akuyesa kutsimikiza kuti thupi lingapse mpaka muyaya osanyeka, mpaka kupereka chitsanzo cha kanyama kotchedwa salamander kamene anthu a nthawi yake ankati kamakhala m'moto. Yemweyo adaphunzitsa kuti khanda lofa losabatizidwa nalonso limalangidwa, kungoti chilango chake n'chopepuka. Amayi angati adalira ndi chiphunzitso chimenechi? Mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu ku Vatican lidanena poyera kuti pali zifukwa zokwanira zoyembekezera kuti makanda otere amapulumuka. Zidatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti amayi aja apepesedwe.

Kenaka kudabwera Dante wa ku Florence, mlakatuli mnzanga ngakhale wondiposa kutalitali, amene adamwalira mu 1321. Iyeyu ndiye adamanga Gehena wa zigawo zisanu ndi zinayi, n'kuikamo adani ake a ndale ndi apapa ena. Ife alakatuli timadziwana: ukagwira cholembera, mdani wako umamugoneka pamene wafuna. Koma ngakhale Dante adali ndi chilungamo chimene alaliki athu alibe. Achigololo ndi adyera adawaika chakumwamba, kumene chilango n'chocheperako. Akuluakulu a boma odya ziphuphu adawatsitsa pansi n'kuwaviika m'phula lowira, ndipo pansi penipeni adaikapo opereka anzawo. Ku America nako, mu 1741, Jonathan Edwards adalalikira ulaliki wotchuka m'tauni ya Enfield, woyerekeza wochimwa ndi kangaude wolendewera pamwamba pa moto, anthu mpaka kukuwa m'tchalitchi. Bambo yemweyo zaka khumi m'mbuyo mwake adali atagula mtsikana wachikuda ngati kapolo, ndipo adakhala ndi akapolo pakhomo pake. Moto wake wonsewo sudafike pakhitchini yake.

Chimene mlaliki wa m'minibasi sangakuuzeni n'chakuti Akhristu eni ake sadagwirizanepo pa nkhaniyi. Origen wa ku Alexandria ankayembekeza kuti pamapeto zolengedwa zonse zidzabwerera kwa Mulungu; mpingo udadzakana maganizo ake, koma Gregory wa ku Nyssa, amene adali ndi chiyembekezo chofananacho, mpaka lero amatchedwa woyera. John Stott, mlaliki wa ku London amene a evanjeliko dziko lonse amamulemekeza, adalemba mu 1988 kuti akupendekera ku ganizo loti oipa adzawonongedwa n'kutha, osati kuzunzidwa kosalekeza. Mu 1995 bungwe la ziphunzitso la Church of England lidanenanso zofanana. Papa John Paul II, yemwe uja adatiyendera kuno mu 1989, adaphunzitsa mu Julaye 1999 kuti Gehena tisamuone kwenikweni ngati malo, koma ngati mkhalidwe wa munthu amene wadzipatula yekha kwa Mulungu mpaka kalekale. Mpingo wa Katolika, umene umaphunzitsa ndithu kuti Gehena aliko, uli ndi mndandanda wautali wa oyera amene umati ali kumwamba, koma sudalengezepo mwalamulo dzina la munthu ndi mmodzi yemwe kuti uyu ali kumoto. Anzathu a Seventh-day Adventist, amene ali ku Malamulo chiyambire 1902, amati akufa ali mtulo kudikira chiweruzo. Anthu a imvi awa, ena adathera moyo wawo wonse pa Chihebri ndi Chigiriki, akafika pa nkhaniyi amatsitsa mawu. Koma mnyamata amene adagula chimkuzamawu chaka chatha akudziwa ndi nambala ya chipinda yomwe.

Ndikadangoseka, chikhala kuti moto umenewu umapsereza mbali zonse. Koma taonani kumene umalowera. Patangotha miyezi iwiri chiikireni amalume, ntchito idanditengera kumaliro a bwana wina. Dzina ndilisunga. Tauni yonse ikudziwa mmene nyumba zake zidamerera ngati bowa pa malipiro a m'boma, ikudziwanso ana amene adabwera pamalirowo n'kukhala kumbuyo chifukwa mayi awo sadali pa pulogalamu. Abusa asanu adalimbirana maikolofoni. Wina adati mtumiki wapumula, wina adati angelo amulandira ndi nyimbo, wina adakumbutsa anthu za matumba a simenti amene malemu adapereka pomanga tchalitchi. Za moto, zii. Sindikuti bwanayo ali kumoto, ndingakhale ndikuchita zomwe ndikudzudzulazo. Ndikungofunsa kuti bwanji chifundo cha Mulungu chimapezeka msanga pamene pali matenti ndi mipando ya pulasitiki, n'kusowa pamene anamfedwa akhala pamphasa?

Khalidweli silidayambe lero. Ife amene tidali ana m'zaka za m'ma 1990 tikukumbuka maliro a tsiku ndi tsiku a matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985. Tikukumbuka maulaliki ena pamaliro amenewo, oti ichi n'chilango, mkazi wamasiye ali pomwepo, naye atayamba kale kuwonda ndi kachilombo kamene adakatengera pa mphasa ya ukwati woyera. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa ulele mu 2004, anthu adadzuka, adanenepa, adabwerera kuntchito, ndipo chilango chija chidangozimirira m'maulaliki popanda wopepesa. Makolo athu nawo akukumbuka za a Mboni za Yehova, anthu amene sakhulupirira n'komwe za moto wosatha. Adaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo mu 1972 nyumba ndi nkhokwe zawo zidatenthedwa, iwo n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletso chidachotsedwa mu 1993. Umenewo udali moto weniweni, wa machesi ndi udzu wa padenga. Akulu akumudzi kwanu akuwadziwa amene adauyatsa. Kawafunseni ngati Lamulungu lotsatira mipando yawo m'tchalitchi idali yopanda anthu.

Ena anena kuti: iwe mlembi, ukachotsa moto anthu adzaopa chiyani? Dziko lidzasanduka la zilombo. Funso labwino, koma tayang'anani pazenera. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 77 ndi Akhristu. Moto ukulalikidwa m'depoti, m'wodi ya chipatala, pa TV, m'makalasi nthawi yopuma. Kodi udaletsa mabiliyoni a Cashgate kutuluka ku Capital Hill mu 2013? Kodi umaletsa mankhwala kusowa m'zipatala n'kukapezeka pamsika? Amene amanjenjemera ndi ulaliki wa moto ndi agogo anga, ndi mwana wa sitandade 4 amene amadzidzimuka usiku chifukwa adaba shuga, ndi mtsikana amene adachimwitsidwa n'kuthamangitsidwa m'kwaya pamene mnyamata wake akuimbabe besi. Mbava zenizeni zimagona tulo tofa nato, chakhumi chitaperekedwa. Ndipo ndimadzifunsa, ndikaona khamu pamsika litaveka wakuba foni tayala n'kumaitanitsa petulo, ena mwa iwo atavala mitanda m'khosi: kodi adaphunzira kuti zoti wochimwa mnzake ndi moto?

Tsono ndinene mbali yanga, kuti wina asadzati mlakatuli uja walowa chikunja. Chiweruzo ine ndikuchifuna. Ndikuchifuna kwambiri, mwina kuposa mlaliki uja. Dziko limene munthu angaphe mwana wachialubino chifukwa cha mafupa, kapena kuba ndalama za mankhwala a malungo, n'kufa mwamtendere pabedi la chipatala cha kunja, nkhani n'kuthera pomwepo, limenelo ndi dziko losapiririka. Wosauka amene makhoti a pansi pano adamutaya ali ndi ufulu woyembekeza bwalo lina kumene envelopu siigwira ntchito. Chiphunzitso cha chiweruzo ndi chuma cha anthu oponderezedwa. Chimene ndikukana n'chakuti chuma chimenechi chilandidwe n'kusanduka chikoti chokwapulira eni ake omwewo. Mpingo umadziwa kuloza chala m'mwamba ukafuna. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata ija idagwedeza dziko. Sadaopseze munthu ndi ng'anjo. Adangonena za malipiro a anthu osauka, za masukulu, za zipatala, za anthu omangidwa popanda mlandu, za ufulu wolankhula, ndipo anthu amphamvu adatuluka thukuta kuposa mmene adachitirapo ndi ulaliki uliwonse wa moto.

Makolo athu asadamve za Hade ndi Gehena sadali opanda mwambo. Ankadziwa kuti munthu akafa amapita kwa mizimu ya makolo, ndi kuti woipitsitsa, mfiti kapena wakupha, mzimu wake umasowa pokhala n'kumangoyendayenda ngati chiwanda. Chilango chachikulu chidali kukanidwa ndi abale ako, kusowa kwanu. Mukachiyang'ana bwino, chili pafupi ndi zimene Papa uja adanena mu 1999 kuposa mafoloko a mnyamata wa suti. Ndipo nthano yathu ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri n'kuyatsa tchire. Nyama zidabalalika, Chauta n'kuthawira kumwamba pa ulusi wa kangaude. Sindikuti nthano ilowe m'malo mwa Baibulo. Ndikungoti akale athu adaona chinthu: woyatsa moto adali munthu, ndipo Mulungu ndiye adachokapo.

Kwa inu abusa enieni, amene mudaphunzira ndipo zonse ndalembazi mukuzidziwa kuposa ine, mlandu wanu ndi wa kukhala chete. Mukakana kuimbira wodulidwa mumasiya mpata, ndipo mumpata umenewo mumalowa aliyense wokhala ndi batire m'chimkuzamawu. Chenjezani amoyo, ndi ntchito yanu. Mukadawapeza amalume ali moyo pa shedi paja n'kuwauza kuti botolo liwapha, ndikadakuthandizani, poti ine ndidawauza kangapo iwo n'kumangondiseka. Koma munthu akalowa m'bokosi wachoka m'manja mwanu. Otsala pamanda ndi mayi wake, mkazi wake ndi ana ake, ndipo amenewo sadabwere kudzaweruzidwa.

Usiku uja pamoto ndidawayankha agogo mmene ndikadathera. Ndidati: "Agogo, mnyamata uja sakudziwa. Wangolankhula. Odziwa ndi Mulungu yekha, ndipo chipsera chija nayenso adachiona." Adakhala chete nthawi yaitali, akusonkheza chikuni. Kenaka adati: "Ndiye ukamuuze." Ndamufunafuna m'depoti osamupeza, akuti adasamukira ku Lilongwe. Mwina wina amuwerengera tsamba lino.

Chiliza timanga mu Okutobala. Matumba awiri a simenti ndagula kale. Mnyamata amene amalume adamuphunzitsa ntchito akupala mtanda wa mlombwa, ndipo ndalama wakana. Agogo alamula kuti pa tsikulo pasadzapezeke chimkuzamawu. Ati pemphero adzapereka okha.